Kukonzekera ulendo wokaona nyama zakutchire

Ulendo wokaona nyama zakutchire motsogoleredwa ndi gaidi, umene makampani okopa alendo amautcha safari, umayamba kukonzedwa munthu akadali kunyumba, nthawi zina kutatsala miyezi ingapo. Nyama za m'paki sizili m'khola. Zimasuntha motsata madzi ndi msipu, zimabisala dzuwa likakwera, ndipo zina zimatuluka usiku wokha. Zimene mlendo adzaone zimadalira kwambiri mwezi umene wasankha, paki imene wapitako, ndiponso luso la munthu amene akumuperekeza m'tchiremo. Za zovala, mankhwala ndi kamera zimabwera pambuyo, ngakhale kuti ndi zimene anthu ambiri amayambira kufunsa.

M'Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia muli malo okwanira oti munthu aonereko nyama osakwera ndege: Liwonde ndi Majete m'mbali mwa mtsinje wa Shire, Nkhotakota, Kasungu, Vwaza ndi Nyika, komanso South Luangwa kutsidya kwa malire a Mchinji. Ku Luangwa n'kumene ntchito yoperekeza alendo m'tchire inazikira mizu m'dera lino. M'chaka cha 1950, Norman Carr, amene kale ankagwira ntchito yolimbana ndi njovu zowononga minda, anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti apatule malo oti alendo azibwera kudzaona nyama m'malo mozisaka, ndalama zake n'kumapita kwa anthu a mfumuyo. Carr yemweyo ndiye anatchukitsa ulendo woyenda pansi pakati pa nyama, ndipo mpaka lero magaidi a m'chigwachi amalemba mayeso ovuta asanaloledwe kutenga alendo.

Mwezi wopitira

Moyo wa m'tchire umayendera madzi. Mvula ikamasiya mu Epulo, udzu umakhala utatalika, madambo ali odzaza, ndipo nyama zimabalalika chifukwa zimamwa paliponse. Kuyambira Juni zithaphwi zimayamba kuphwa, udzu umauma n'kugwa, mitengo ya tsanya imayoyola masamba, ndipo nyama zimakakamizika kutsikira kumtsinje. Pofika Seputembala ndi Okutobala, munthu atha kukhala pagombe la Shire kapena la Luangwa n'kumaona njovu, njati, nswala ndi anyani zikusinthana pamadzi, iye osasuntha pamene wakhala. Mikango nayo sipita kutali ndi njira zotsikira kumadzi. N'chifukwa chake miyezi ya Julayi mpaka Okutobala ndi imene maloji amadzaza msanga, mitengo yake n'kukweranso.

Chilimwe chili ndi zowawa zake. Mu Okutobala chigwa cha Luangwa ndi cha Shire zimatentha mpaka madigiri 40, ndipo usiku wake sutsitsimula. Munthu wachikulire, wodwala mtima, kapena banja la ana aang'ono, ndi bwino asankhe Juni kapena Julayi, pamene masana kumangofunda. Komabe miyezi imeneyi imapusitsa alendo ambiri: amalongedza zovala zopepuka zokhazokha poganiza za kutentha kwa kuchigwa, m'mawa mwake n'kunjenjemera pagalimoto yopanda mawindo ikuthamanga m'mphepo ya chisanu.

Dzinja limanyozedwa mopyola muyeso. N'zoona kuti nyama zimabisika m'masamba, ndiponso kuti dothi lamakande la ku Luangwa limatitimiza magalimoto kotero kuti misasa yambiri ya m'kati mwa tchire imatsekedwa kuyambira Novembala mpaka cha m'Meyi. Koma mvula yoyamba ikagwa nswala zimaswa pafupifupi nthawi imodzi, tchire limadzaza ndi tiana, mbalame zochokera ku Europe ndi ku Asia zimafika, fumbi limatha, ndipo maloji amene atsala otsegula amatsitsa mitengo. Wokonda mbalame ndi wojambula zithunzi sadandaula nalo dzinja. Ku Nyika, Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi ya maluwa, kuphatikizapo mitundu yoposa 200 ya maluwa otchedwa orchid, pamene Juni ndi Julayi amabweretsa chisanu choumitsa mame paudzu.

Pali zina zimene zimachitika kanthawi kochepa pachaka, ndipo wozifuna amayenera kusungitsa malo molawirira. Mu Seputembala ndi Okutobala mbalame zofiira zodya njuchi zimakumba zisa zikwizikwi m'zigwembe za mtsinje wa Luangwa. Cha m'Novembala zipatso za mtondo zikapsa, banja la njovu limadutsa m'chipinda cholandirira alendo cha Mfuwe Lodge popita kumtengo umene uli m'kati mwa bwalo la lojiyo.

Paki iliyonse ndi zake

Funso loyenera kuyamba nalo ndi lakuti munthu akufuna kukaona chiyani, chifukwa palibe paki imene ili ndi zonse. Majete, m'boma la Chikwawa, ndi ya makilomita pafupifupi 700 m'bwalo lake lonse. Pofika m'zaka za m'ma 1990 opha nyama mozemba anali ataimaliza, njovu ndi yomwe osatsalamo. Bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi boma mu 2003, n'kubweretsamo zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006, akambuku mu 2011, mikango mu 2012, kenako akadyansonga mu 2018. Lero mu Majete muli nyama zonse zisanu zimene alendo amazifunitsitsa: njovu, mkango, njati, kambuku ndi chipembere. Izi sizitanthauza kuti mlendo adzaziona zonse. Chipembere chakuda chimakhala m'zitsamba zowirira ndipo anthu ambiri amachoka osachiona. Gaidi wolonjeza kuti achipeza mosalephera ndi woyenera kumukayikira.

Liwonde, imene inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo African Parks inaitenga mu 2015, mphamvu yake ndi mtsinje. Ulendo wa pabwato la injini pa Shire umafikitsa munthu pafupi ndi mvuu, ng'ona, nkhwazi ndi njovu zikusamba, mopanda kugwedezeka kwa pamsewu, ndipo n'chifukwa chake pakiyi ndi yabwino kwa woyamba kumene ndiponso kwa agogo. Akakwiyo, amene ambiri amawadziwa kuti cheetah, anabwezeretsedwamo mu 2017, mikango mu 2018, ndipo mu 2019 munafika zipembere 17 zochokera ku South Africa. Njovu zinachulukana kwambiri moti zina zinasamutsidwa: pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi ku Majete zinapita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo zina 263 zinapita ku Kasungu mu 2022.

Nkhotakota ndi nkhalango yowirira ya miombo, yamapiri, imene mtsinje wa Bua umadutsamo. Nyama zilimo koma zimavuta kuona, ndipo wopitako akhale wokonda kuyenda pansi ndi bata, osati wowerenga mikango. Nyika ndi dziko lina: mapiri a udzu okwera mamita oposa 2,000, kumene mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zimaonekera patali. South Luangwa, ya makilomita 9,050 m'bwalo lake, imaposa zonsezi pa kuchuluka kwa nyama. Imadziwika ndi akambuku, mvuu zodzaza m'mtsinje, mimbulu, ndiponso mtundu wa kadyansonga wotchedwa Thornicroft umene supezeka kwina kulikonse padziko kupatula m'chigwa cha Luangwa. Zipembere mulibe, zinathera kwa opha nyama mozemba m'zaka za m'ma 1980.

Kusungitsa malo ndi ndalama

Mitengo ya maloji imasokoneza chifukwa imawerengedwa mosiyana. Ena amatchula mtengo umodzi wa munthu pa usiku, wophatikiza chipinda, chakudya ndi maulendo awiri a m'tchire patsiku. Ena amatchula wa bedi lokha, ulendo uliwonse wa pagalimoto kapena pabwato n'kulipiritsa padera. Mtengo wooneka wotsika utha kudzaposa winawo zonse zikawonkhetsedwa. Ndalama yolowera m'paki nayo kawirikawiri imakhala yapadera, imawerengedwa pa munthu patsiku, ndipo galimoto ili ndi yake. Ndi nzeru kupempha kuti zonsezi zilembedwe munthu asanapereke ndalama yoyamba, pamodzi ndi zimene zimachitika ulendo ukalephereka chifukwa cha matenda kapena maliro.

Nzika zimalipira ndalama yolowera yochepa kwambiri poyerekeza ndi alendo akunja, ndipo maloji ambiri ali ndi mitengo yotsika ya anthu okhala m'dziko momwemo, makamaka m'dzinja. Mitengo imeneyi nthawi zambiri siilengezedwa. Imatuluka munthu akafunsa. Pachipata amafuna chiphaso cha unzika, osati mawu apakamwa. Ndi chinthu chodandaulitsa kuti mabanja ambiri a ku Blantyre ndi ku Zomba sanafikepo ku Majete kapena ku Liwonde poganiza kuti ndi malo a azungu okha, chonsecho kuli malo omangapo tenti ndi zipinda zodziphikira, ndipo munthu atha kulowa m'mawa, kulipira gaidi wa pakiyo, n'kubwerera kwawo madzulo. Wofuna kuona zambiri agoneko mausiku awiri kapena atatu, chifukwa tsiku limodzi litha kugwa pamphepo kapena pamitambo, nyama n'kungogona m'zitsamba.

Ndalama yaikulu imene mlendo amalipira kwenikweni ndi ya gaidi, ndiye m'pofunika kumufufuza. Akhale ndi chiphaso cha ntchitoyo, ndipo ngati ulendo uli woyenda pansi, chiphasocho chikhale cholola zimenezo, popeza si gaidi aliyense woyendetsa galimoto amene amaloledwa kuyendetsa anthu pansi. Kufunsanso kuti pagalimoto pamakwera anthu angati si mwano. Anthu asanu ndi mmodzi, aliyense ali kumphepete, amaona bwino; khumi opanikizana amaona misana ya anzawo. Pa masamba a intaneti pamapezekanso akathyali otsatsa maulendo amene kulibe. Kampani yoona imapereka akaunti ya kubanki ya dzina la kampaniyo ndi lisiti, ndipo foni imodzi yopita kuloji imatsimikizira ngati dzina la mlendo lalembedwadi.

Msewu ndi malire

Kuchoka ku Blantyre kufika ku Majete ndi makilomita pafupifupi 70, kutsika chitunda cha Chikwawa chimene chimafuna mabuleki abwino. Liwonde ili pafupi ndi tauni ya dzina lomwelo. Wopita ku South Luangwa kuchokera ku Lilongwe amadzera pachipata cha Mchinji ndi Mwami, kufika pa Chipata, kenako makilomita pafupifupi 130 a msewu wa phula mpaka ku Mfuwe. Nyika ndiyo imafuna kukonzekera kwenikweni: kuchoka ku Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita oposa 100 a msewu wovuta, ofuna galimoto yamphamvu yokoka ndi matayala onse anayi, mafuta okwanira kupita ndi kubwerera, ndi tayala lapadera lodalirika. Zipata za mapaki zimatsekedwa dzuwa likamalowa, ndipo wofika mochedwa amagona kunja.

Amalawi safunika viza polowa mu Zambia, koma pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Woyendetsa galimoto yake amafunika mapepala a umwini, chilolezo chotulutsira galimotoyo kwa kanthawi, ndi inshulansi yogwira ntchito kutsidyako, monga khadi lachikasu la COMESA. Galimoto yobwereka kapena ya kuntchito imafuna kalata ya mwini wake. Wokwera tindege ting'onoting'ono totera m'mapaki adziwe kuti katundu amakhala ndi malire, kawirikawiri makilogalamu 15, ndipo amafuna chikwama chofewa chifukwa sutikesi yolimba silowa m'malo oikamo katundu. Ndalama zapamanja n'zofunika, popeza makina a khadi amadalira netiweki imene m'tchire imabwera n'kupita.

Thanzi

Mapaki onse a kuchigwa ndi malo a malungo. Anthu okulira kumene kuli malungo amakhala ndi chitetezo pang'ono m'thupi, koma chitetezochi chimachepa munthu akakhala zaka zingapo kumene kulibe matendawa. Choncho Mmalawi kapena Mzambia wokhala ku Britain kapena ku Johannesburg, akabwera kutchuthi n'kutenga banja lake kupita ku Liwonde, asadzinamize kuti ndi mwana wa konkuno. Ana ake obadwira kunja alibiretu chitetezo chilichonse. Oterewa aonane ndi dokotala kutatsala masabata angapo kuti awapatse mankhwala opewera malungo, monga doxycycline kapena atovaquone-proguanil, amene amayambidwa munthu asanafike ndipo amapitirizidwa atachokako. Amayi oyembekezera ndi ana aang'ono ali ndi malangizo awo apadera. Kwa aliyense, neti, mankhwala opaka othamangitsa udzudzu ndi zovala zofika m'manja ndi m'mapazi madzulo ndizo chitetezo choyamba.

Kashembe ndi nkhani ina. Ntchentche imeneyi imaluma masana, imaboola nsalu yopyapyala, imatsata galimoto yoyenda, ndipo imakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda. N'chifukwa chake misampha yake imene imaoneka itapachikidwa m'mitengo ya m'mapaki imakhala ya nsalu za mitundu iwiri imeneyi. Wovala jinzi ndi malaya akuda m'nkhalango ya tsanya amadzisandutsa msampha woyenda. Kuluma kwambiri kumangosiya chotupa choyabwa, koma akashembe ena amafalitsa matenda a kaodzera, amene amapezeka kuzungulira Nkhotakota, Vwaza, Kasungu ndi chigwa cha Luangwa. Katemera wake palibe. Chitetezo ndi zovala zokhuthala za mtundu wa khaki kapena wa udzu wouma.

Chimene chimagwetsa alendo ambiri si nyama kapena tizilombo ayi, koma dzuwa. Pagalimoto yotseguka thukuta limauma ndi mphepo munthu osazindikira kuti akutaya madzi, mpaka mutu utayamba kuwawa. Botolo la madzi lisachoke pamanja, ndipo mapaketi a thanzi ORS asasowe m'chikwama. Odwala BP, shuga, mphumu, kapena amene ali pa ma ARV, atenge mankhwala opitirira masiku a ulendowo ndipo awasunge m'kachikwama ka m'manja. Wa insulini afunse pasadakhale ngati lojiyo ili ndi firiji yoyaka usiku wonse, popeza yambiri imadalira magetsi a sola. Kusamba mumtsinje kapena m'dambo n'koletsedwa chifukwa cha ng'ona ndi likodzo. Chipatala chachikulu chimakhala kutali, ndipo inshulansi yolipira ndege yonyamula wodwala ndi yofunika kwambiri kwa opita kumisasa ya m'kati mwa Luangwa.

Za m'chikwama

Zovala sizifunika zambiri, popeza maloji ambiri amachapa. Zikhale za mitundu yosawala, khaki, yobiriwira motuwa kapena yofiirira, chifukwa zoyera zimaonekera patali ndipo zimada ndi fumbi ola loyamba. Zovala za mawangamawanga zofanana ndi za asilikali zisiyidwe kunyumba: m'mayiko angapo a dera lino, kuphatikizapo Zambia ndi Zimbabwe, munthu wamba saloledwa kuzivala. Jekete kapena juzi yochindikala ndi yofunika m'mawa ndi usiku, chipewa cha mlomo waukulu chokhala ndi chingwe masana, ndi nsapato zotseka zimene phazi linazizolowera kale. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza pa kilomita yachiwiri. Chitenje chimagwira ntchito zambiri: kutchinga fumbi, kukulunga kamera, ndipo chikanyowetsedwa n'kufundidwa masana a Okutobala chimaziziritsa thupi. Mafuta onunkhira kwambiri ndi osafunika, makamaka kwa woyenda pansi.

Pa zida zonse, chopambana ndi magalasi oonera patali, ndipo a 8x42 kapena 10x42 ndi okwanira. Kambuku atagona panthambi ya mvunguti mamita 80 kuchokera pamsewu amangooneka ngati chotupa cha mtengo kwa munthu wopanda magalasiwa, ndipo kubwerekana ndi mnzako kumatha pamene nyamayo yatsika. Foni imajambula bwino njovu yapafupi ndi kulowa kwa dzuwa, koma imalephera pa mbalame ndi pa nyama yakutali. Wa kamera atenge mabatire ndi makhadi apadera. Tochi ndi yofunika usiku uliwonse. Ma drone saloledwa m'mapaki popanda chilolezo chapadera.

Tsiku la m'tchire ndi malamulo ake

Kuloji anthu amadzutsidwa cha m'ma 5 koloko, amamwa tiyi, ndipo pofika 6 koloko galimoto yanyamuka. Maola oyambirirawa ndi amene mikango, afisi ndi akambuku amakhala akadayenda, mapazi a usiku akadaoneka bwino pamchenga. Cha m'ma 10 koloko dzuwa lakwera, nyama zalowa m'mithunzi, alendo amabwerera kukadya ndi kupuma. Ulendo wachiwiri umayamba cha m'ma 4 koloko, ndipo kumene amalola kuyenda usiku, monga ku South Luangwa, umapitirira mpaka cha m'ma 8 koloko ndi nyali yamphamvu imene wothandizira gaidi amaunikira nayo nungu, changa, fungwe ndi kambuku ali pa ulenje. Mlendo wokonda tulo amene amadumpha ulendo wa m'mawa amataya theka labwino la ndalama zake.

Gaidi waluso sathamanga. Amazimitsa injini n'kumvetsera. Anyani akamakuwa mwaukali onse atayang'ana mbali imodzi, nswala zikamafwenthera, nkhanga zikamasokosera m'zitsamba, ndiye kuti chilombo chili pafupi. Miimba ikatera mumtengo umodzi yambirimbiri, pansi pake pali nyama yakufa. Nthawi zina gaidi amaima theka la ola pamalo amene mlendo sakuonapo kanthu, ndipo apa m'pamene akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumuuza gaidi tsiku loyamba zimene munthu akufuna, kaya ndi mbalame, mitengo kapena mikango, kumamuthandiza kukonza njira. Kumukakamiza kuti atuluke mumsewu kapena ayandikire kwambiri kuti chithunzi chikome n'kumuika pachiswe, chifukwa wolandidwa chiphaso ndi iyeyo, mlendo atapita kale kwawo.

Nyama za m'mapaki zinazolowera galimoto ndipo zimaiona ngati chinthu chimodzi chachikulu chosaopsa. Munthu akaimirira, akatulutsa dzanja kapena akakuwa, amadzipatula pachinthucho n'kuoneka kuti ndi munthu. Lamulo lokhala pansi ndi kulankhula motsitsa limachokera pamenepa. Njovu yokupiza makutu pang'onopang'ono ikungodziziziritsa. Yopukusa mutu, kutambasula makutu ndi kulira ikuchenjeza. Yaikazi ya kamwana ndiponso yamphongo imene ikutuluka madzi m'mbali mwa mutu ndi kudontha mkodzo m'miyendo zimapatsidwa mpata waukulu. Gaidi amadziwa kuwerenga zizindikirozi, ndipo akabweza galimoto m'mbuyo si mantha. Pabwato, dzanja siligwira madzi ndipo anthu sathamangira mbali imodzi.

Ulendo woyenda pansi uli ndi dongosolo lake. Umachitika m'chilimwe udzu utagwa, m'mawa kusanatenthe, ndi gulu laling'ono. Patsogolo pamakhala sikauti wa dipatimenti yoona za nyama zakutchire atanyamula mfuti, kenako gaidi, alendo n'kutsatira pamzere umodzi mwakachetechete. Gaidi amayang'ana kumene mphepo ikulowera, ena pogwedeza kathumba ka phulusa, kuti fungo la anthu lisafike kwa nyama. Cholinga sikuyandikira mkango koma kuona zimene galimoto imadutsa: ndowe zosonyeza chimene nyama inadya, chulu, mapazi, mtengo umene njovu inasenda khungwa. Gulu likakumana ndi njati kapena mkango mwadzidzidzi, lamulo ndi limodzi: kuima ndi kuchita zimene gaidi wanena. Kuthawa kumadzutsa chibadwa chothamangitsa, ndipo palibe munthu wopambana nyamazi liwiro. Ku South Luangwa ana osakwana zaka 12 saloledwa paulendo wotere, ndipo maloji ena ali ndi malire a zaka ngakhale pogona, choncho banja lifunsiretu.

Maloji ambiri alibe mpanda. Mvuu zimatuluka m'madzi usiku kudzadya udzu pakati pa matenti, njovu zimatola zipatso pakhomo penipeni. Kukada, mlendo sayenda yekha. Amaitana mlonda womuperekeza ngakhale chipinda chili pafupi. Kuima pakati pa mvuu ndi madzi ndi ngozi yodziwika kwa aliyense wokulira m'mbali mwa Shire. Chakudya, makamaka zipatso, sichisungidwa m'tenti, zipi imatsekedwa nthawi zonse, ndipo nsapato zimakutumulidwa m'mawa kuopa zinkhanira. Anyani ndi apusi asapatsidwe chakudya: amene wazolowera kulandira amayamba kulanda, mapeto ake amaphedwa.

M'paki simutoledwa kanthu, kaya nyanga yogwa yokha, fupa kapena dzira. Kunja kwa paki, wotsatsa chosema cha mnyanga wa njovu, chikopa kapena mamba a ngaka akanidwe pomwepo. Lamulo la Malawi loteteza nyama zakutchire, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limalola chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri, ndipo wogula amazengedwa mlandu ngati wogulitsa. Zosema zamatabwa, madengu ndi nsalu za m'midzi yozungulira ndizo zoyenera kugula, popeza anthu a m'midziyi ndi amene minda yawo imadyedwa ndi njovu zimene mlendo wabwera kudzasirira. Kujambula munthu kapena nyumba yake kumayamba ndi moni ndi kupempha.

Potsanzika, mwambo wake ndi kupereka kangachepe kothokoza. Gaidi amapatsidwa m'manja, ndipo maloji ambiri amakhala ndi bokosi limene ndalama zake zimagawidwa kwa ophika, ochapa ndi alonda amene mlendo sawaona kawirikawiri. Si lamulo, koma ndi bwino kuziikiratu pambali powerengera ndalama za ulendo.

Kusamala kumapitirira munthu atafika kunyumba. Malungo amayamba kuonekera pakadutsa sabata imodzi kapena kuposa chilumidwire, nthawi zina patapita mwezi, ndipo mankhwala opewera aja ayenera kumalizidwa monga dokotala ananenera. Kutentha thupi kulikonse m'masabata otsatira kumafuna kuyezetsa magazi tsiku lomwelo. Wobwerera kudziko kumene malungo sadziwika kwambiri auze dokotala dzina la dziko ndi paki imene anapitako. Ngati zotsatira zikusonyeza kuti malungo palibe koma thupi likutenthabe, mutu ukuwawa, makamaka ngati pamene panaluma kashembe patuluka chilonda chofiira chopweteka, wodwalayo atchule za kashembeyo kuti amuyeze kaodzera. Mtundu wa kaodzera wa dera lino umakula msanga, m'masabata ochepa, koma umachizika ukapezeka koyambirira.